Ndimathera Pamlatho

Lole ya Lorenso inatuluka pageti ku Limbe anthu atadya kale, ena atazimitsa ndi nyale zomwe. Imayenera kunyamuka masana, koma mukudziwa mmene zimayendera ntchito za eni: opakira simenti anapita kukadya, wosayina mapepala anapita kukatenga mwana kusukulu, ndipo onsewo atapezeka, magetsi ndiwo anathawa. Masana onsewo Lorenso anangokhala pamthunzi wa lole yake, maso ali pafoni, mwendo ukugwedezeka wokha.

Amayi ake anali atamwalira mbandakucha wa tsiku lomwelo kumudzi kwawo, kufupi ndi Bangula. Uthenga unam'peza pachipata cha Mwanza akuchokera ku Beira, atatha masiku ali m'njira osagona tulo teniteni, koma kungotsamira chiwongolero podikira mapepala. Atapempha tchuthi, bwana wake anati pepani kwambiri, komatu pali simenti yopita ku Nsanje ndipo dalaivala wina palibe. Tengani lole yomweyi, mukaime kumaliroko, mukatsitse katundu mkuja. Kwa bwanayo, kumeneko kunali kum'chitira chifundo munthu.

A Gideon, malume ake, anali atanena mosapsatira pafoni.

"Mphwanga, kuno kwatentha ngati ng'anjo, ndipo mwezi uno thupi silidikira munthu. Tiyesetsa mpaka kuche. Koma dzuwa likangotuluka, tikhoma bokosi. Ngati ukufuna kuona nkhope ya mayi ako, fika kusanache."

Chimene Lorenso ankafuna usiku umenewo chinali chomwecho basi. Anali asanawaone amayi akewo chichokereni pa Khirisimasi, ndipo mtima unkamupweteka akaganiza kuti angakapeze bokosi lokhoma, n'kumalirira matabwa ngati mlendo.

Tsono m'lolemo munali mdani. Kampani inali itaika kakamera padashibodi, kadiso kamodzi kakuda kokhala pakakhosi kachitsulo, koyang'ana nkhope ya dalaivala usana ndi usiku. Maso ako akakhala otsegula, kankayatsa kanyale kobiriwira n'kukhala phee. Zikope zikangolemera, kapena mutu ukayamba kuwodzera, kankalira mogonthetsa m'khutu, mpando n'kunjenjemera pansi pako, kenaka n'kutumiza kanema wako kuofesi. Madalaivala anakapatsa dzina loti apongozi, chifukwa sakuchotsa diso, ndipo chilichonse aona akanena. Lamulo linali lodziwika: apongozi akalira kachitatu paulendo umodzi, wakuofesi amakuuza kuti uime, ndipo ukangoima amaizimitsira komweko injini mpaka kuche.

M'zitunda zotsikira ku Thabwa tulo sitinam'yandikire. Ndani angasinze pamakona amenewo, simenti yodzaza ikum'kankha kumbuyo? Koma atangofika pansi m'chigwa, msewu utawongoka, mpweya wotentha wa Chikwawa utalowa pawindo ngati wina watsegula uvuni, thupi linakumbuka zonse zimene linamanidwa. Anayasamula mpaka nsagwada kulira. Anathira madzi kumaso, madziwo anali ofunda ngati osamba. Anatsegula wailesi, anapezamo nyimbo zofatsa zogonetsera ana.

Tiii! Tiii! Tiii!

Mpando unam'gwedeza. Lorenso anadzidzimuka n'kutukwana.

"Ndangophethira chabe, apongozi inu!"

Anapisa m'thumba n'kutulutsa tsabola wa kambuzi amene anagula dala ku Limbe, n'kutafuna kamodzi. Misozi inatuluka, mphuno inayamba kuchucha, ndipo anawoloka mlatho wa Shire ali maso gwa. Anadziyamikira kuti ndi wanzeru. Koma tsabola amawawa n'kusiya, pamene tulo sititopa kudikira. Asanafike n'komwe pa Dyeratu, apongozi analiranso.

Foni inaitana nthawi yomweyo. Anali Maclean, amene ankagwira ntchito yausiku kuofesi, wokhala pamakompyuta n'kumaona malole onse.

"A Lorenso, kachiwiritu aka. Ndaona kanema, mutu unafika pachifuwa. Bwanji mungoima pa Dyeratu pompo mugoneko pang'ono?"

"Maclean, ndikagona pano ndidzuka mawa masana. Ukudziwa kumene ndikupita."

"Ndikudziwa, achimwene, ndipo pepani kwambiri. Komatu kakaliranso sindichitira mwina. Ndikapanda kuzimitsa, ntchito yatha ndi yanga."

Lorenso anadula foni osatsanzika. Bangula anali akadali kutali, ndipo iye ankalidziwa thupi lake: kachitatu kanali pafupi.

Koma madalaivala si ana. Chilichonse chimene ofesi yabweretsa, iwo amakhala pansi pachipata cha Mwanza n'kuchipezera mankhwala. Kuphimba kadisoko ndi chipewa sikunkathandiza, chifukwa kakasowa nkhope kankanena. Magalasi akuda nawo kankaona kupyola. Njira imene inkagwira inali imodzi: kukweza munthu wa matola, kumasula kanati ka pakhosi paja, n'kukatembenuzira kwa wokwerayo. Apongozi sasankha mkamwini. Bola aone maso awiri otsegula, amakhala chete. Lorenso anali asanachitepo zimenezi, ndipo ankaseka amene ankazichita. Usiku umenewu anayamba kuyang'ana m'mbali mwa msewu ngati kabawi.

Pa Dyeratu panalibe munthu, agalu okha. Anapitirira. Midzi inali zii, mbuzi zitagona paphula penipeni, zosafuna kudzuka ngakhale uziimbire hutala. Kenaka, kwa Maseya, pansi pa mlambe waukulu woyandikana ndi msewu, nyale za lole zinagwira munthu.

Anali ataima chofulatira, akuyang'ana kumene lole inkapita. Sanakweze mkono. Lorenso anaima yekha.

"Akulu! Mukulowera kuti usiku uno?"

Munthuyo anatembenuka pang'onopang'ono. Anali mwamuna wocheperako msinkhu kwa Lorenso, atavala ovolosi yakale yofwifwa ndi jekete pamwamba, m'kutentha konseko. M'khwapa anapanira nsalu yoyera, yatsopano, yopinda bwino.

"Kutsogoloku," anatero. "Ine ndimathera pamlatho."

"Mlatho uti? Milathotu ndi yambiri."

"Mukauona."

Munthu wogona bwino akanafunsanso. Lorenso anangotsegula chitseko. Mlendoyo anakwera mosavutika, ngati wozolowera malole, anakhala pansi, n'kuika nsalu ija pamiyendo.

"Takhuta, adalaivala," anathokoza m'chiyankhulo cha kwawo.

"Ndalama sindikufuna," anatero Lorenso akumasula kanati kaja ndi kampeni. "Mungondithandiza chinthu chimodzi. Muziyang'ana kadiso aka. Musasinze, musatsinzine, mpaka mutsike."

"Ine sinditsinzina."

Kanyale kanathwanima pang'ono, kenaka kanabiriwira. Lorenso anapumira m'mwamba. Apongozi apusitsidwa! Analowetsa giya, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku Limbe anamva kuti akafika.

Anayenda. Kumanzere, kutali m'minda ya nzimbe, moto wotentha nzimbe unkafiiritsa kumwamba, phulusa lake likugwera pagalasi. Lorenso anayesa kucheza kuti pakamwa pazigwedezeka. Anafunsa za mvula, za mtengo wa thonje, za kwawo kwa mlendoyo. Mayankho sankabwera. Munthuyo anangokhala tsonga pampando, manja ali pansalu, maso ali pakadiso, monga anamuuzira.

Anadutsa pa Nchalo, magetsi a masitolo akuwala popanda wogula. Atalowanso mumdima, Lorenso anazindikira kuti thukuta lamuuma. Mkono wake wamanzere, wa mbali ya mlendoyo, unali utachita tsembwe. Anatulutsa dzanja lamanja pawindo: kunja kunali kotentha monga kale. Kuzizirako kunali m'kati momwemo.

Munkamvekanso fungo. Silinali la simenti kapena la dizilo wa lole yake. Linali ngati la mchenga wonyowa.

Anam'yang'ana cham'mbali. Kanyale kobiriwira kankam'walira kumaso, nkhope yake inkaoneka bwinobwino. Lorenso anayang'ana msewu, n'kum'yang'ananso. Anadikira kuti aphethire. Munthu aliyense amaphethira. Anayang'ananso msewu. Anabwereranso.

Kagulugufe kausiku kanalowa pawindo, kanazungulira kanyale kaja, n'kukatera padiso la mlendoyo. Padiso penipeni... Kanayendapo ndi timiyendo take, kanatambasula mapiko.

Chikope sichinagwedezeke.

Phazi la Lorenso linachoka lokha pamoto n'kupita pabuleki. Aime. Am'tsitse pompano. Koma akam'tsitsa, kadiso kabwerera kwa mwini wake, ndipo mwini wakeyo zikope zinali ngati zamangiriridwa miyala. Kalira kachitatu asanafike ndi pa Ngabu pomwe. Bokosi likhomedwa iye ali m'tchire.

Anabweza phazi pamoto.

"Mukuthamangira nkhope," anatero mlendoyo, osachotsa maso pakadiso. Sikunali kufunsa.

"Mwa... mwadziwa bwanji?"

"Nanenso." Anasisita nsalu ija ndi chala. "Ya bambo anga. Anandituma nsalu."

"Pepani. Akhoma liti bokosi?"

"Anakhoma."

Lorenso anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri mpaka zala kuwawa. Anayamba Atate Wathu chamumtima, anasokoneza pakati, anayambiranso.

Anthu amati mantha amathamangitsa tulo. Amene amanena zimenezo ndi amene anagona dzulo. Mtima wa Lorenso unkagunda ngati ng'oma, koma maso ankatsekeka ndithu. Anatafuna kambuzi wina, sanamve kanthu. Anadzitsina pantchafu. Anadzimenya mbama. Mzere woyera wa pamsewu unasanduka iwiri, n'kubwereranso umodzi. Migwalangwa ya m'mbali inkaoneka ngati anthu ataima pamzere. Ndipo kanyale kanali kobiriwirabe, apongozi ali chete, okhutira ndi maso amene ankawaona.

"Nthawi yathu kunalibe kotidzutsa," anatero mlendoyo chapansipansi.

Mawuwo anamveka ngati akuchokera kutsidya kwa mtsinje.

Msewu unafewa. Injini inaleka kumveka. Phula linasanduka kanjira kam'dimba, kodutsa pakati pa mabango, ndipo kunali kutacha. Patsogolo pake amayi ake anali atawerama akubzala mbatata, atam'fulatira, chitenje chawo chakale chija atamanga m'chiuno. Lorenso anasangalala ngati mwana. Wafika! Wafika nthawi yabwino! "Amayi!" anaitana. Anaweramuka. Anapukuta manja. Anayamba kutembenuka, khutu linaoneka, tsaya linayamba kuoneka...

Tiii! Tiii! Tiii! Tiii!

Mpando unam'ponya m'mwamba. Anatsegula maso.

Msewu panalibe! Kutsogolo kunali chitsulo cha mlatho, kuseri kwake mdima wokhawokha. Lole inali itachoka kumbali yake, ikulunjika kuphompho.

"Mayo!"

Anaponda buleki ndi mphamvu zonse. Anapotoza chiwongolero. Simenti inam'kankha kumbuyo. Matayala analira. Chitsulo chinakhulana ndi chitsulo, moto unathetheka, galasi lam'mbali linathyoka n'kuwuluka. Lole inapendama... inapendama... n'kubwerera pansi ndi chiphokoso.

Zii.

Fumbi linkadutsa pang'onopang'ono m'kuwala kwa nyale. Lorenso anakhala akupuma ngati galu wothamangitsidwa. Kenaka anaona kadiso kaja. Kanali katam'yang'ana iye, kanyale kake kali psuu. Iye sanakakhudze.

Anatembenukira kumanzere.

Pampando panalibe munthu. Chitseko chinali chotseka, kabatani kokiyira kali pansi. Anagwira pampandopo ndi dzanja, ndipo panali pozizira ngati mwala wa m'madzi.

Foni itaitana anakuwa ndi mantha. Anali Maclean.

"A Lorenso! Muli moyo? Yankhulani!"

"Ndili... ndili moyo."

"Sunthani pang'ono muchoke pamlathopo, ndizimitse. Za mawa tikamba mawa." Kenaka mawu ake anasintha. "Achimwene, kamera munaitembenuza, zimenezo ndaona. Koma kanema amene wandifika kuno sindikumumvetsa. Akuyamba ndi mpando wopanda munthu, nyale ili yobiriwira. Kenaka kamera ikutembenuka kubwerera kwa inu. Inu muli mtulo, mutu uli pachiwongolero, manja onse ali pansi. Ndiye waitembenuza ndani?"

Lorenso anaisuntha lole kufika kutsidya, n'kuimika pambali. Injini inazima.

Anaganiza zotsika kuti ayende wapansi, mwina apeze wa kabaza kutsogolo. Anagwira chitseko, anayang'ana mdima umene unali kunjako, n'kuchisiya. Anakweza mawindo onse m'kutentha komweko. Anaimbira malume ake, foni inangoitana osayankhidwa. Pamaliro usiku nyimbo zimakhala pamwamba. Anadziuza kuti sagona, zivute zitani, angodikira kuti kuyere pang'ono akwere chilichonse chimene chidutse. Anatsamira chitseko cha mbali yake, maso ali pampando wopanda munthu uja.

Chimene chinam'dzutsa ndi dzuwa, litam'wotcha patsaya.

Linali litakwera kale pamwamba pa migwalangwa. Njinga zinkadutsa, ng'ombe zinkapita kubusa. Foni inali itadzaza mayina a malume ake. Anawaimbira.

"Mphwanga," anatero a Gideon ndi mawu otopa, "tinadikira. Azimayi anapempha adzukulu kuti aonjezereko pang'ono, anaonjezera. Koma kutentha sikunalole. Takhoma. Bwera udzaponye dothi, tikudikira kumanda."

Lorenso anatsika m'lole, anakhala pansi pafupi ndi tayala, n'kulira mokweza, osasamala za odutsa. Anali atachita zonse, zololedwa ndi zosaloledwa, ndipo nkhope ya amayi ake sadzaionanso.

"Mwapweteka, bambo?"

Anali mayi wachikulire, woonda, khasu lili paphewa, chigubu cha madzi kumanja. Anayang'ana mizere yakuda ya matayala paphula, chitsulo chopindika cha mlatho, n'kupukusa mutu.

"Ndinamva usiku. Nyumba yanga ndi iyo, yamalata ofiirayo. Ndinangoti Ambuye, musabwerezenso. Imwani madzi. Ndine Magdalena."

Lorenso anamwa. Kaya chifukwa cha madziwo, kaya chifukwa chakuti anali mayi, anapezeka akufotokoza zonse: za maliro, za kadiso, za munthu wa pamlambe kwa Maseya.

Mayiyo anatsitsa khasu.

"Munam'kweza? Anakwera m'galimoto mwanu?"

"Anakwera, amayi."

"Anali ndi nsalu yoyera?"

Lorenso anavomera ndi mutu. Mai Magdalena anakhala pansi pafumbi pompo.

"Ndi Augustino ameneyo. Mwana wanga woyamba. Ankayendetsa lole ya thonje. Bambo ake atamwalira tinam'tumizira uthenga ku Blantyre kuti abwere ndi nsalu, ndipo anaunyamuka usiku, asanagone, ngati inuyo. Pamlambe paja anaima n'kusamba kumaso, alipo anamuona. Ife tili pasiwa apo tikuimba, tinangomva chiphokoso kumlatho kuno." Analoza pansi, pamchenga wa mtsinje wouma. "Chinali chaka cha njala chija. Ana amene anabadwa chaka chimenecho pano ali pabanja. Tinaika awiri tsiku limodzi, bambo ndi mwana."

Lorenso anamva tsitsi likuima ngakhale dzuwa linali pamutu. Anayang'ana pansi pa mlathopo. Panali patali.

"Madalaivala ena amati amamuona ataima pamlambepo," anapitiriza mayiyo, "koma amakhala atafulatira, ndipo palibe amaima. Inu nokha ndi amene mwakhala naye." Anasendera pafupi n'kum'gwira Lorenso pamkono, zala zawo zolimba ngati mizu. "Lole inayaka, bambo. Bokosi la Augustino anabwera nalo lokhomakhoma, anandikaniza kutsegula. Ine mayi wake sindinaone nkhope. Zaka zonsezi ndimayesa kuikumbuka, imandithawa, ndipo chithunzi chimene ndinali nacho chinapita ndi madzi osefukira. Inu mwaiona. Ndiuzeni, chonde. Inali bwanji?"

Minibasi yopita ku Bangula inatulukira pamlatho ikuimba hutala, kondakitala atatulutsa mutu pawindo. Lorenso anaimirira theka, anaiyang'ana, anayang'ananso mayiyo. Kumanda ankam'dikira. Anaikwezera dzanja kuti ipite, n'kukhalanso pansi pafumbi.

"Inali yosalala, amayi," anatero. "Inalibe bala ngakhale limodzi. Anali ndi mpata pamano apamwamba, ndi kachipsera kakang'ono apa, pamwamba pa nsidze."

Mai Magdalena anatseka pakamwa ndi dzanja, misozi ikutsikira m'zala.

"Anagwa mumtengo wa masawu ali mwana," anatero. "Pitirizani, bambo. Musafulumire."